Mabotolo a Dotolo ndi Mphuno Yako

Bandawe, masana a tsiku loti mawa sitima ikufika

Malizani mwana wanga,

Ndikulembera munthu amene ndikumuona ndi maso. Uli uko pakhomo pa nyumba ya mankhwala, ukukulunga mabotolo m'udzu wouma n'kumawaika m'bokosi. Ine ndili kuno kochapira, zovala zili padzuwa, pepala lili pabondo. Ndayesa kangapo kukuuza pakamwa zimene zili mumtima mwanga, koma ndikangoyamba umadzuka. "Ama, ndikaone ngati a dotolo akundifuna." "Ama, ada akundiitana kugombe." Sipakhala wokuitana. Tsono ndaganiza zolemba, chifukwa ndikudziwa kuti chinthu cholembedwa iwe sungachisiye pakati. Umawerenga ngakhale mawu a pa zitini, a chinenero chimene sukuchimva. Dzanja langa ndi lochedwa, zilembo ndinaziphunzira ndili wamkulu kale, ndiye upirire nane.

Nkhani yake ndi iyi. Mphuno yako siimva fungo, ndipo dotolo sakudziwa. Mawa ukwera naye sitima kupita kumpoto, kumathero a nyanja, kumene tikumva kuti anthu akuwomberana ndi mfuti. Iwe ndiwe udzasunga bokosi la mankhwala. Manja ake akadzakhala m'bala la munthu, adzangotchula dzina la botolo, iwe n'kumupatsira. Ndikamuuza, mwina akusiya n'kutenga wina, ndipo iwe sudzandikhululukira msanga. Ndikapanda kumuuza, sindikudziwa chimene chikachitike kumeneko. Sabata yonse ino mutu wanga suli pamodzi. Nsalu ina ndikuichapa kawiri, ina ndikuyanika yosachapa.

Iwe sukumbuka mmene zinayambira. Unali wamng'ono, tikadali kwathu kumwera, nthomba italowa m'mudzi. Inatenga atate ako okubala, iwe inakusiyira zipsera kumaso. Ndinkayesa kuti yathera pomwepo. Ndinazindikira patapita nthawi, tsiku limene phala linapserera pamoto iwe utakhala pafupi pomwepo ukusewera ndi timiyala. Ndinakumenya. Unalira modabwa, osadziwa chimene walakwa, ndipo ndikakumbuka nkhope imeneyo mpaka lero dzanja limandilemera. Kenaka tinathawira kwa azungu a mishoni, tinasamuka nawo pamene anabwera kuno kwa Atonga, ine ndinakwatiwa ndi a Longwe a ku Chintheche, amene umawatcha ada, ndipo iwe unaphunzira kubisa. Umayang'ana nkhope za anzako. Akakwinya mphuno nawe umakwinya, mochedwerako pang'ono. Kuchedwako ndimakuona ndi ine ndekha. Akazi a ku Chintheche amakutama kuti ndiwe wopirira, chifukwa umavuula chinangwa chovikika m'maenje osatembenuza mutu, pamene ana awo amathawa fungo lake. A Longwe amaseka mpaka kutsokomola n'kumandiuza kuti, "Nyaphiri, mwana wathuyu ngolimba mtima kuposa Angoni. Mpatseni usipa wa dzana, adya n'kuthokoza."

Ndikudziwa chimene undiyankhe. Uti mabotolo ali ndi timapepala tolembedwa, ndipo powerenga palibe mnyamata wokuposa pano. N'zoona. Koma timapepala timeneti timamatidwa ndi phala la ufa, ndipo mphemvu zimalikonda phalalo kuposa chakudya chathu. Dzinja lathali ine ndi mkazi wa dotolo tinapeza mabotolo a pathabwa lonse ali mbulanda, timapepala tili pansi todyedwa. Pansi pa sitima m'monyowa. Ndiponso mabotolo ndi ochepa, limodzi likatha timalitsuka n'kuthiramo china. Zikatero dotolo sadandaula. Amazula chitsekero, kudutsitsa botolo kunsi kwa mphuno, n'kudziwa. Iye amayesa kuti nawenso umatero.

M'bokosimo muli zinthu zinayi zoyera mbee ngati madzi a pachitsime. Muli madzi enieni owiritsa. Muli sipiliti wotsukira mabala ndi mipeni. Muli palafini wa nyali. Muli ndi mankhwala ogonetsa munthu pomucheka, amene iwo amati kolofomu. Maso sangazisiyanitse. Usakhulupirire maso, Malizani. Zimene ndikudziwa za zinthu zimenezi ndinaziphunzira polakwitsa, ndiye ndikuuza zolakwitsazo, mwina iwe sudzazibwereza.

Nditangoyamba ntchito kumwera kuja anandipatsa zodzaza nyali. Tsiku lina ndinathira palafini nyali ina ikuyaka pafupi, dzanja linaterereka, mafuta anatayikira pamphasa, moto n'kulumphirapo. Ndinachita chimene mkazi aliyense wa m'mudzi akanachita. Ndinanyamula mtsuko wa madzi n'kukhuthula. Mwana wanga, moto unakwera pamsana pa madziwo. Unayenda nawo ngati bwato, kudutsa pansi pa chitseko, kupita kukhonde kumene kunali madengu. Ine ndinangoima, mtsuko uli m'manja, chifukwa chibadwire sindinaonepo madzi akunyamula moto. Mkulu wina wopala matabwa ndiye anabwera akuthamanga, akukuwa kuti, "Mchenga, mayi inu, mchenga! Mukufuna kutiwotchera mudzi ndi madzi?" Anauzimitsa ndi mchenga ndi chiguduli. Tsono chigwire ichi: palafini ndi madzi sizigwirizana. Ukakaika botolo, tenga chikho cha madzi, dontheza dontho limodzi. Likayandama pamwamba n'kutambasuka ngati diso la nsomba, ameneyo ndi palafini. Ukalipaka pachala siliuma, chala chimakhala choterera. Ndipo likayaka, mchenga, osati madzi.

Sipiliti ndi wina. Ukamudontheza m'chikho cha madzi amangosowa, sungamupezenso. Ukamupaka pakhungu amazizira n'kuuma msanga. Naye anandiphunzitsa ndi moto. Dotolo ankawotcha singano zake m'kambale ka sipiliti, masana dzuwa likuswa mtengo. Atachoka ndinayang'ana m'kambalemo, ndinaona kuti moto wazima, ndinakagwira kuti ndikatsuke. Sunazime. Lawi la sipiliti ndi lobiriwira ngati thambo, lilibe utsi, ndipo masana silioneka. Chipsera cha pachala changa chachikulu, chimene unkachisisita uli mwana pofuna kugona, ndi chimenecho. Palafini amayaka chikasu, amafuka, amadetsa galasi la nyali ndi mwaye. Sipiliti amayaka mwakachetechete osasiya kanthu. Usagwire mbale ya sipiliti usanaivindikire. Usakhulupirire maso.

Ndinamufunsapo dotolo chifukwa chake zinthu ziwiri zofanana chonchi, zonse zoyaka, china chimakonda madzi china chimawada. Iye amakondwa akafunsidwa. Anatenga sileti n'kujambula timipira tolumikizana ngati mikanda pa ulusi. Anati mafupa a zinthu zonsezi ndi makala. Palafini ndi mkanda wautali wa makala wopanda dzanja, ndiye alibe chogwirira madzi. Sipiliti ndi mkanda waufupi umene uli ndi kadzanja kamodzi kumapeto, ndipo kadzanjako n'kachibale ndi madzi. Anati khalidwe lonse la chinthu lili m'kadzanjako, ukakasintha wasintha chinthucho. Ndinavomera ndi mutu. Sindinamve kanthu. Makala ndi akuda, ndimawagwira tsiku lililonse posita. Angakhale bwanji m'chinthu choyera ngati misozi? Koma m'mawa mwake ndikupukuta galasi la nyali, nsanza inatuluka yakuda bii, ndipo ndinakhala pansi. Mwaye umenewu wachokera kuti ngati sunali m'mafutamo? Nanga wa sipiliti umapita kuti? Mpaka lero sindikudziwa ngati ndinamvetsa kapena ndinangozolowera kusamvetsa. Iwe mutu wako ndi wanthete, mwina ukadzamufunsa udzamva. Ukadzamva udzandifotokozere pang'onopang'ono.

Za mowa uja ukuzikumbuka, unalipo, ngakhale unali kumbali ya oseka. Chinali chaka changa choyamba kwa a Longwe ku Chintheche. Ndinafuna kuonetsa alamu anga kuti mkazi wa kumwera amadziwa kufulula, ndiye ndinafulula wa mawere woti anthu adzamwe polima munda wathu. Utangopsa bwino kunamveka mfuu yakuti Angoni akutsika mapiri. Tonse tinathawira m'linga. Akazi anzanga asanathawe anamata mitsuko yawo ndi masamba ndi dothi. Ine ndinangokoka dzanja lako n'kuthamanga, mbiya yanga yaikulu kukamwa ndinaisiya yosavindikira. Angoniwo sanabwere n'komwe. Pobwerera patapita masiku, pamwamba pa mowa wanga panali kachikopa, tintchentche tikuvina, ndipo fungo lake linandilasa ndisanalowe m'nyumba. Unali utasasa mpaka kuuma mano.

Anthu olima anali ataitanidwa kale. Ndinaganiza ngati wophika: chowawasa timachigonjetsa ndi chidulo. Ndinasungunula phulusa, kusefa, n'kuthira chidulocho m'mbiya. Mbiya inayamba kulira. Thovu linakwera, kusefukira, kuyenda pansi mpaka pamapazi pa alamu anga a Nyalongwe amene anali atangolowa. Anayang'ana thovu, anayang'ana ine. "Mlamu, kwanu kumwera mowa umabwebweta ngati wagwidwa mizimu? Tiuitanire ng'oma?" Kusasa kunathadi, koma mphamvu ya mowa sinabwerere. Unangokhala ngati madzi otsukira mbale amchere. Amuna analima theka la munda n'kumwazikana. A Longwe okha anamwa chipanda chonse maso ali pa ine, n'kunena mokweza kuti, "Ndamwapo woipa kuposa uwu." Madzulo ake onse anathera kuseri kwa nthochi.

Nditamuuza mkazi wa dotolo, mwamanyazi chifukwa pano za mowa sazifuna, anaseka n'kunena kuti ndinapanga viniga, chinthu chimene iwo amachita kuitanitsa kutali. Dotolo anati mu mowa muli sipiliti yemwe uja, ndipo mpweya ukamulowa kwa nthawi umamusintha kadzanja kaja, n'kusanduka viniga, ndipo m'mbiya yangayo sakanabwereranso. Ndiye kuti mpweya womwe timapumawu, umene sitiuona, umadya zinthu. Zimenezi zimandizunguza. Koma phunziro lake ndi lapafupi: tseka botolo. Ukangothira, tseka. Wina akakuitana, tseka kaye. Chinthu chikhoza kusintha chili m'botolo lake lomwelo, dzina lake lili pomwepo, mtundu wake uli womwewo.

Palinso za sopo. Pano sopo ndimaphika ndekha, mafuta a mvuu kapena a ng'ombe ndi chidulo champhamvu, kuwiritsa n'kumatakasa mpaka zigwirane. Ichinso sindichimvetsa. Mafuta amadetsa nsalu, phulusa limadetsa nsalu, koma ziwirizi zikaphikidwa pamodzi zimayeretsa nsalu. Chaka china alenje sanaphe mvuu, mafuta anasowa, zovala zinaunjikana. Ndinaona zotsalira za palafini m'zitini, ndinati nayenso ndi woterera, nayenso amayandama pamadzi ngati mafuta a mvuu, bwanji osayesa. Ndinaika pamakala ochepa, kunja, mchenga uli pafupi, poti za moto ndinali nditachenjera. Ndinatakasa kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Ndikasiya kutakasa, palafini pamwamba, chidulo pansi, chilichonse pachokha ngati akazi a mitala okwiyirana. Dotolo podutsa anandichotsera mphikawo pamoto yekha, nkhope itasintha, n'kundiuza kuti ndisadzayesenso. Anati mafuta a nyama ali ndi mfundo imene chidulo chimamasula, pamene palafini alibe mfundo, alibe dzanja, palibe pomugwira, chimene amadziwa ndi kuyaka basi. Ndikukuuza izi kuti udziwe kuti zinthu ziwiri zikhoza kufanana m'maso, kufanana pachala, kufanana m'chikho cha madzi, koma n'kukhala zosiyana. Chikho cha madzi chimathandiza, koma sichinena zonse.

Tsopano ndafika pa chimene ndakhala ndikuchizungulira. Kolofomu kumuzindikira sikovuta. Botolo lake limalemera kuposa la madzi lofanana nalo. Dontho lake m'chikho limamira, n'kukakhala pansi lozungulira ngati mkanda wagalasi. Sayaka, koma usamuyese ndi moto, ndipo usamutsegule pafupi ndi nyali, chifukwa akakumana ndi lawi amatulutsa mpweya wotsamwitsa. Dotolo amati nayenso amapangidwa kuchokera kwa sipiliti. Ndiye kuti mayi mmodzi anabala viniga wowawasa ndi mankhwala ogonetsa munthu ngati wafa. Ndinasiya kufunsa.

Iwe unali ku sukulu ya ku mudzi wina nthawi imene ndikunenayi, unangomva mbiri. Ndinkapukuta m'nyumba ya mankhwala. Kolofomu wotsala anali m'botolo loyera, losadzaza, chifukwa lake lakuda lija linali litang'aluka. Malo ake anali m'bokosi, mumdima. Ine nditapukuta ndinaliika pazenera pamodzi ndi ena, ndinaona kuti akuoneka bwino atandandalika, dzuwa la m'mawa likuwala m'kati mwawo. Linakhala pamenepo masabata, kuseri kwa mabotolo aakulu. Kenaka anabwera nawo pamachira bambo wina wa ku Kande, ng'ona itamuphwanya mwendo pamathiriro a mtsinje. Anamugoneka pathebulo. Ine ndinagwira beseni. Dotolo anapinda kansalu koika pankhope, anafunafuna botolo, analipeza pazenera, anazula chitsekero. Mutu wake unabwerera m'mbuyo ngati wamenyedwa. Ananunkhizanso patali. "Waonongeka," anatero. "Ndikamupatsa uyu, mwina sadzuka."

Kolofomu wina kunalibe, sitima inali isanabwere. Anaitana amuna anayi kugombe, a Longwe anali mmodzi wa iwo, kuti amugwire pomucheka ali maso. Sindilemba zimene ndinamva m'nyumba muja. Bamboyo ali moyo, amayenda ndi ndodo, akandiona amandipatsa moni mwaulemu, sadziwa kuti ndine ndinaika botolo padzuwa. Dotolo sanandikalipire. Atatha anandiitana, anati ndinunkhize kuti ndidziwe. Kolofomu wabwino amanunkhira motsekemera ngati chipatso chakupsa. Uyu ankanunkha ngati udzu wofolera wovunda ndi mvula, n'kumaluma kukhosi. Dzuwa ndi mpweya zinali zitamusandutsa. Asanamutaye ndinadontheza dontho m'chikho cha madzi. Malizani, linamira bwinobwino ngati labwino. Botolo linkalemera chimodzimodzi. Linali loyera chimodzimodzi. Madzi sanandiuze kanthu, dzanja silinandiuze kanthu, maso sanandiuze kanthu. Bambo wa ku Kande uja anapulumuka ndi mphuno ya munthu.

Dzulo unandilola kukuthandiza kulongedza. Ukukumbuka mmene ndinaphimbira timapepala ndi dzanja n'kunena kuti unditchulire. Unaseka. Unatenga chikho, unadontheza, unapaka pachala, unayeza kulemera, ndipo unatchula onse anayi osaphonya. Ndinanyadira, usaganize kuti sindinanyadire. Unati, "Mwaona, Ama? Mphuno nja agalu." Ndiye ndinakupatsa la kolofomu n'kufunsa kuti, nanga ili, ndi labwino kapena loonongeka? Unazula chitsekero, unaliika kumphuno monga amachitira dotolo, kenaka unandiyang'ana kumaso kuti upeze yankho pankhope yanga. Ine ndinaumitsa nkhope. Unadikira. Unati, "Ama, musatero." Unatseka botolo n'kutuluka. Botololo linali labwino. Koma iwe sunadziwe, ndipo tonse awiri tinaona kuti sunadziwe.

Pobwerera unanena kuti udzalisunga mumdima, lokulungidwa, lotseka, ndiye silidzaonongeka. Uchite zimenezo, ndikupempha, uzichita tsiku lililonse. Koma paulendo mabokosi amanyamulidwa pamitu ya anthu ena, amatsegulidwa panja, amagwa. Lanu likadzatha adzakupatsani la kwa amalonda, limene simukudziwa kumene linagona. Unanenanso kuti likaonongeka lidzakutsokomoletsa, poti kuluma kwa kukhosi umakumva. Mwina. Koma iwe udzakumva litafika poipa kwambiri, kapena kansalu kali kale pankhope ya munthu. Kuno dotolo amanunkhiza yekha chifukwa nthawi ilipo. Kumeneko ovulala adzabwera ambiri nthawi imodzi, iye adzati, "Malizani, thira pakansalu," ndipo sadzatembenuka, chifukwa amakukhulupirira.

Ndinawauza a Longwe m'mawa uno akusoka ukonde kuti mwina ndipita kwa dotolo. Sanakweze mutu. Anati, "Nyaphiri, ndikufunseni. Mukufuna kupulumutsa odwala a kumpoto amene simunawaonepo, kapena mukufuna mwana akhale pakhomo, kutali ndi mfuti?" Anapitiriza kusoka. Patapita nthawi anati, "Ine ndinamugwira mwendo bambo wa ku Kande uja. Sindikuti musapite. Ndikungofunsa."

Funso limeneli landitsata tsiku lonse. Sindikunamiza, mwana wanga, ndikufuna ukhale. Ndinakunyamula kumsana kuchoka m'mudzi wa maliro, ndipo sindinakupulumutse ku nthomba kuti ndikakupereke ku chipolopolo. Ndikaganiza zoti dotolo akusiye, mbali ina ya mtima wanga imakondwa, ndipo ndimachita nayo manyazi. Ndikudziwanso chimene ntchitoyi ili kwa iwe. Unakulira pakati pa ana amene ankakutcha mlendo ndi kuseka zipsera zako, ndipo tsiku limene dotolo anakusankha pakati pa onse, chifukwa cha manja ako osanjenjemera, unayenda ngati watalika. Ndingakulande bwanji chimenecho? Koma ndikatseka maso ndimaona mnyamata wina, wa mayi wina, atagona pathebulo, kansalu kali pankhope, iwe utagwira botolo. Ndayesa kulekanitsa mantha awiriwa kuti ndione aakulu ndi ati. Asakanikirana, sindikutha. Mwina ndikuchita chabwino pa chifukwa choipa. Mwina ndikuchita choipa n'kumadzinamiza kuti n'chabwino. Ndapemphera, sindinamve yankho, kapena linabwera ine osalizindikira.

Pali kanthu kamodzi kamene kakundipatsa mtima. Tsiku lina ndinamuona dotolo ali ndi kapepala kobiriwira, anakaviika mu viniga, kanafiira. Sindikudziwa ngati kangathandize pa kolofomu. Mwina ali ndi njira zina zimene ife sitikuzidziwa, zosafuna mphuno. Mwina angoti botolo limenelo lokha azinunkhiza yekha, kapena azipatsa wina aliyense woima pafupi, zina zonse n'kukusiyira iwe. N'chinthu chaching'ono kwa munthu wodziwa. Chimakhala chachikulu ngati sakudziwa. Mwinanso akwiya kuti unamubisira n'kutenga mnzako. Sindingakulonjeze. Munthuyu ndamuchapira zovala zaka zambiri koma mtima wake sindiudziwa mpaka pansi.

Ukapita, pali tina ting'onoting'ono. Amtengatenga akadzadziwa kuti m'bokosi muli sipiliti adzakutcha mchimwene, adzakupatsa fodya, adzati dontho lokha la kuzizira. Usawapatse, ndipo iwe usalawe, si wakumwa ameneyo. Chakudya chogona uzimupatsa mnzako anunkhize usanadye, kuno ndimakuchitira ndine iwe osadziwa. Pogona usagone pafupi ndi zitini za palafini, zikadontha sudzamva. Zovala zako uzichapa kawirikawiri ngakhale zikuoneka zoyera, anthu sadzakuuza, adzangokhala patali. Ukafika ulembe, ngakhale mizere iwiri, a Longwe amakonda kuti ndiziwawerengera mobwereza. Ndipo tseka botolo, Malizani. Usakhulupirire maso.

Zovala zauma, ndiyenera kuzianula zisanagwidwe ndi chinyezi, ndiye ndinene chimene ndatsimikiza, ngati kumeneku n'kutsimikiza. Lero sindipita kwa dotolo. Ndi mphuno yako, ndi ntchito yako, ndipo mawu amenewa akoma akatuluka pakamwa pako. Umuuze madzulo ano kapena mawa m'mawa. Umuuze zonse, kenaka utenge chikho cha madzi umuonetse zimene unandionetsa dzulo. Akafuna mboni, ndidzaima pambali pako n'kunena kuti palibe mnyamata wosamala ngati iwe pagombe lonse lino, ndipo ndidzamupempha kuti akutenge. Inde, ineyo ndidzamupempha.

Koma mawa mabokosi akadzatsikira kumchenga, ine ndidzakhala pomwepo. Bokosi la mankhwala limakwezedwa m'bwato pomalizira, poti dotolo safuna kuti lipsinjidwe. Ndidzakuyang'ana. Ukadzagwedeza mutu kuti wamuuza, ndidzakuthandiza kulinyamula. Ukadzayang'ana kumbali, ndidzapita kwa iye pamaso pa anthu onse n'kunena ndekha. Udzandikwiyira, mwina nthawi yaitali, mwina uli ndi chifukwa. Ndalemba izi kuti usadzati ndinakudzidzimutsa. Chonde, mwana wanga, usandisiyire ine.

Ndine amene ndinakubala,
Mayi ako